Ulendo Wautali wa Liwu Lakuti "Languish"

Zaka zoposa 5,000 zapitazo, m'zigwa zaudzu za kumpoto kwa nyanja ya Black Sea, kumene lero kuli Ukraine ndi kumwera kwa Russia, munkakhala anthu oweta ng'ombe, nkhosa ndi akavalo. Kulemba sankadziwa, ndipo dzina limene ankadzitchula nalo linapita nawo kumanda. Chimene anasiya ndi chiyankhulo. Akatswiri ambiri amagwirizana kuti m'chiyankhulo cha abusa amenewa ndimo munatuluka Chilatini, Chigiriki, Chijeremani, Chirasha, Chihindi ndi Chingerezi. Njira yotulukira ubale wotere si yachilendo kwa ife. Mchewa akati munthu, Mzulu n'kuti umuntu, Mswahili n'kuti mtu, sipafunikanso mboni yoti atatuwa anayamwa bere limodzi. Poyerekeza mawu mwa njira yomweyo, akatswiri anapeza kuti abusa aja anali ndi tsinde la mawu lomveka ngati "sleg", lonena za kukhwefuka, monga chimachitira chingwe chosakungika.

Anthuwa anali ndi ngolo, ndipo m'kupita kwa mibadwo anabalalika. Ena analowera kumadzulo n'kutsetserekera ku Italy, ena anakwera kumpoto mpaka kukakhazikika m'mbali mwa nyanja, kumene tsopano kuli Denmark ndi kumpoto kwa Germany. Tsinde lija linapita konsekonse. Akumpoto analisunga pafupifupi momwe linalili, moti zidzukulu zawo zinkati "slaec" ponena za munthu waulesi kapena chinthu chokhwefuka. A ku Italy anameza "s" wa kumayambiriro, ndipo kwa iwo kunatuluka "laxus", chinthu chomasuka, ndi "languere", kulefuka. Abale awiriwa anasiyana pamenepo, ndipo panapita zaka masauzande asanaonanenso.

Aroma ankati "languere" ponena za wodwala amene sakutha kudzuka, duwa limene lazyolika ndi dzuwa, ngakhalenso munthu amene wangogwa ulesi. Asilikali a Julius Caesar atagonjetsa Gaul, dziko limene lero ndi France, pakati pa zaka za 58 ndi 50 Yesu asanabadwe, Chilatini chinalowa m'misika ndi m'misasa ya kumeneko. Sichinali cha m'mabuku ayi, chinali cha asilikali, amalonda ndi akapolo, chomeza mawu, chodula michira. Pang'ono ndi pang'ono chinasanduka Chifalansa, "languere" n'kukhala "languir". Britain nayenso Aroma anayamba kumulanda m'chaka cha 43 Yesu atabadwa, ndipo anamulamulira zaka zoposa 350, n'kusiya misewu, malinga ndi mizinda monga London. Koma kumeneko chiyankhulo chawo sichinakhazikike m'midzi ngati ku Gaul. Pofika cha m'ma 410 asilikali anali atachoka, ndipo Chilatini cha pachilumbapo chinazilala.

Zimene zinatsatira zinasungidwa pakamwa zaka zambiri zisanalembedwe. Akale ankasimba kuti mfumu ina ya eni dziko, Vortigern, itatopa ndi adani ochokera kumpoto, inaitana ankhondo aganyu a kutsidya kwa nyanja. Anabwera pa zombo zitatu, abale awiri ali patsogolo, Hengist ndi Horsa, ndipo anapatsidwa malo ku Kent. Nkhondo anamenyadi, koma ataona chonde cha nthaka ndi kufooka kwa eni ake, anatumiza uthenga kwawo kuti anzawo abwere. Mlendo anasanduka mwini mudzi. Mmonke wa ku Jarrow, dzina lake Bede, analemba nkhaniyi m'buku limene analimaliza mu 731, ndipo kubwera kwawo anakuika cha m'ma 449. Mayina a abale awiriwa onse amanena za kavalo, n'chifukwa chake ambiri amaona kuti nthano inalowererapo. Koma kusamukako kunachitikadi. Mitundu ya Angle, Saxon ndi Jute inawoloka m'magulumagulu kwa mibadwo ingapo, ndipo dzina lakuti England likuchokera kwa a Angle aja.

Anali alimi ndi asodzi, ndipo mawu awo a kutha mphamvu anali a anthu ozolowera kuyang'ana kumwamba ndi kukhola. "Wanian" linali la mwezi ukamachepa, ndiye "wane" wa lero. "Dwinan" linali la munthu kapena chiweto chonyentchera mpaka kutha. "Wac" linali la chinthu chofewa, chopindika msanga, ndipo munthu wosalimba mtima ankamunenanso choncho. "Slaec" lija anabwera nalonso. Panalinso "steorfan", limene linkangotanthauza kufa basi, imfa ya mtundu uliwonse. Tanthauzo lake linanka lichepa mpaka linatsala la kufa ndi njala, ndiye "starve". Ku Germany m'bale wake "sterben" akadali kufa wamba. Mmishonale Augustine atafika ku Canterbury mu 597, Chilatini chinabwereranso, koma chinakhala cha amonke. "Languere" linalimo m'Baibulo lachilatini limene Jerome anamasulira, ndipo ankaliwerenga tsiku ndi tsiku, koma silinatuluke pakhomo la tchalitchi.

Mu June 793 zombo zazitali zinakocheza pachilumba cha Lindisfarne, kumpoto chakummawa kwa England. Otsikamo anapha amonke, kufunkha chuma cha m'tchalitchi, ena n'kuwatenga ukapolo. Awa ndi ma Viking, ochokera ku Norway ndi Denmark. Poyamba ankabwera nyengo yotentha, kufunkha, n'kubwerera. Mu 865 kunabwera chigulu chankhondo chosafuna kubwerera, ndipo chaka chotsatira chinalanda mzinda wa York. Maufumu a Angerezi anagwa motsatizana mpaka kunatsala wa Wessex wokha, wa mfumu Alfred, amene pa nthawi ina anachita kubisala m'madambo a ku Somerset. Nthano imati mayi wina wam'mudzi, posamuzindikira, anamusiyira mikate pamoto kuti aziyang'anira. Mfumu ili m'maganizo, mikate n'kupserera, mayiyo n'kuikalipira ngati mwana. Mu 878 Alfred anagonjetsa mtsogoleri wawo Guthrum pa Edington. Guthrum anabatizidwa, ndipo pambuyo pake anagawana dziko: kumpoto ndi kummawa kunakhala pansi pa malamulo a anthu a ku Denmark.

Kumeneko ankhondo aja anasiya kufunkha n'kuyamba kulima. Anakwatira akazi achingerezi, ana n'kumakula akumva ziyankhulo ziwiri zoyandikana kwambiri moti pamsika anthu ankamvana ndithu. Midzi yawo imadziwikabe ndi mayina othera ndi "by", monga Grimsby, Whitby ndi Derby. Mawu ambiri amene anasiya ndi a m'nyumba: la dzira, la khungu, la zenera, la mwamuna wapabanja. Ngakhale "they" ndi "them", timawu timene chiyankhulo sichibwereka chisawawa, tinachokera kwa iwo. Mawu otere munthu satola kwa mdani wa kutsidya kwa mtsinje, amatola kwa amene akudya naye mbale imodzi. M'gulu lomweli muli "ill", kudwala, ndi "veikr", m'bale weniweni wa "wac" uja. Awiriwa ankatanthauza chimodzimodzi, ndipo anakhala moyandikana zaka mazana angapo, koma pamapeto lachilendolo ndi lomwe linatsala. Limaoneka m'zolembedwa cha m'ma 1300, ndipo lero ndi "weak", liwu limene Mngerezi wamba angalumbire kuti ndi la makolo ake. La makolo enieniwo linazimiririka.

Ma Viking ena analowera ku France. Mu 911 mfumu ya kumeneko, Charles, inapatsa mtsogoleri wawo Rollo dera la kumunsi kwa mtsinje wa Seine kuti aleke kuvutitsa, ndipo deralo linatchedwa Normandy, dziko la anthu akumpoto. Pasanathe mibadwo yambiri zidzukulu za Rollo zinali zitataya chiyankhulo cha makolo, zikuyankhula Chifalansa. Ndizo zinadzawolotsa "languir" pa nyanja.

Mu January 1066 mfumu Edward ya England inamwalira yopanda mwana, ndipo anthu atatu anaufuna mpando. Harold Godwinson ndiye anavekedwa ufumu. Pa 25 September anagonjetsa mfumu ya Norway, Harald Hardrada, pa Stamford Bridge kufupi ndi York. Patangopita masiku atatu, William wa ku Normandy anakocheza ku Pevensey, kugombe la kumwera. Harold anatembenuka ndi asilikali ake, otopa ndi ovulala omwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 400, ndipo pa 14 October anakumana ndi William pafupi ndi Hastings. Anamenyana kuyambira mmawa mpaka madzulo. Mbiri ya pakamwa imati Harold analasidwa muvi m'diso, ndipo nsalu yopetedwa ya ku Bayeux, yotalika mamita pafupifupi 70, imaoneka ngati ikusonyeza zomwezo. Pa Khirisimasi William anavekedwa ufumu ku Westminster. Pomwe ankachita kalembera wa minda ndi ziweto mu 1086, uja wa m'buku lotchedwa Domesday, malo pafupifupi onse anali m'manja mwa alendo, ndipo mabishopu ambiri nawonso anali atasinthidwa.

Kwa zaka pafupifupi 300 dziko linakhala ndi ziyankhulo zitatu zosanjikizana. Wansembe ankalemba Chilatini, bwana ndi woweruza ankayankhula Chifalansa, wolima ndi woweta nkhumba ankayankhula Chingerezi. Wofuna kukwera ankaphunzira cha abwana, ndipo pobwerera kwawo ankabwera ndi mawu. Akatswiri amayerekeza kuti mawu achifalansa pafupifupi 10,000 analowa m'Chingerezi m'zaka zimenezi ndi zotsatira. Ena mwa iwo mbiri yawo ndi yoseketsa. "Feeble", limene lero limanena za nkhalamba yofooka kapena chowiringula chosagwira mtima, likuchokera ku liwu lachilatini "flebilis", chinthu choyenera kuchilirira. "Faint" ndiye loposa. Kholo lake ndi "feindre", kunamizira. Msilikali amene ankamunena kuti "feint" anali uja wodwala tsiku la nkhondo lokha, wamantha, wozemba ntchito. Kuchoka pa kunamizira kufooka, liwuli linafika pa kufooka kwenikweni, kenaka pa kukomoka, moti Mngerezi wa lero akakomoka pamzere wa kubanki, chiyankhulo chake chomwe chimamunong'oneza kuti akuchitira dala. "Frail" nalo linadzera njira yomweyo, kuchokera ku "fragilis", chosachedwa kusweka.

"Languish" limayamba kuoneka m'zolembedwa zachingerezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300. Mchira wakewo uli ndi chifukwa. M'Chifalansa aneni ena amawonjezera "iss" pakati akamanena za anthu ambiri, moti "tikulefuka" ndi "languissons". Makutu a Angerezi anagwira mbali imeneyo, "iss" n'kusanduka "ish". N'chimodzimodzi ndi "finish", "punish", "perish" ndi "flourish".

Pofika ku England liwuli linali litadutsa kale m'nyimbo ndi m'mapemphero. Kumwera kwa France kunali alakatuli oyimba m'nyumba za mafumu amene anayambitsa mtundu wawo wa nyimbo zachikondi: mwamuna wapamwamba wakonda mkazi amene sangamupeze, kawirikawiri mkazi wa mwini, ndiye sadya, sagona, akungowonda. Eleanor wa ku Aquitaine, mdzukulu wa William IX amene anali mmodzi mwa oyamba kupeka nyimbo zotere, anakwatiwa mu 1152 ndi Henry, amene patapita zaka ziwiri anakhala mfumu Henry II ya England, ndipo nyimbozi zinapeza malo kunyumba yachifumu. Atchalitchi nawo anali ndi mbali yawo. M'Nyimbo ya Solomo, pamene mkwatibwi akudandaula kuti chikondi chamufooketsa, Baibulo lachilatini lili ndi "languere", ndipo anthu odzipatula monga Richard Rolle wa ku Yorkshire, amene anamwalira mu 1349, analitenga kuti likhale la mtima wolakalaka Mulungu. Choncho kuyambira pachiyambi "languish" silinali kufooka wamba. Linali kufooka kochedwa, kwa munthu amene akudikira chinthu chosabwera: wodwala wosachira koma wosafa, wandende woiwalika m'chipinda chapansi, wofunsira wosayankhidwa.

Apa ndi pomwe abale aja anakumananso. "Slack" ndi "languish" anapezeka m'kamwa mwa anthu amodzi, osadziwana, ndipo ulemu wawo sunali wofanana. Wantchito wozengereza ndi chingwe cha ngalawa zinali "slack"; dona wa kunyumba yachifumu ndiye ankachita "languish". Kusiyana kumeneku kulipo mpaka lero.

Chifalansa cha ku England nacho chinayamba kufooka. Mu 1204 mfumu John inalandidwa Normandy, ndipo mabwana okhala ndi minda mbali zonse ziwiri za nyanja anayenera kusankha kumodzi. Mu 1337 inayamba nkhondo ya England ndi France imene inatenga zaka zoposa 100, chiyankhulo cha abwana n'kukhala cha mdani. Kenaka mu 1348 mliri unalowera padoko la Melcombe ku Dorset, ndipo pasanathe zaka ziwiri unali utapha munthu mmodzi mwa atatu aliwonse, mwinanso theka la anthu onse. Olima atachepa anayamba kudula. Ankachoka kwa bwana uyu kupita kwa uyo wolipira bwino, ngakhale lamulo la 1351 linayesa kuwaletsa, ndipo chiyankhulo chawo chinakwera nawo limodzi. Mu 1362 nyumba ya malamulo inalamula kuti milandu izikambidwa m'Chingerezi, poti anthu sankamva zimene zikunenedwa za iwo pabwalo. Lamulolo linalembedwa m'Chifalansa. Henry IV, amene anatenga ufumu mu 1399, amamutchula kuti ndiye mfumu yoyamba chichokere 1066 yobadwa ndi Chingerezi pakamwa. Koma Chingerezi chimene chinabwerera pampando, cha Geoffrey Chaucer ndi anzake, sichinalinso cha Alfred. Mawu a alendo anali atakhazikika, ndipo William Caxton atayamba kusindikiza mabuku ku Westminster mu 1476, anakhazikikiratu.

M'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 kunabwera alendo a mtundu wina, osadzera pa zombo koma m'mabuku. Ophunzira ankaona kuti Chingerezi n'chosauka, chosakwana kunenera za mankhwala ndi nzeru zakuya, ndiye anayamba kutapa mawu m'Chilatini ndi m'Chigiriki mosadzera kwina. Ndimo munalowera "debilitate", kufooketsa; "emaciate", kuwondetsa mpaka nthiti kuwerengeka; ndi "atrophy", lachigiriki, lotanthauza kusowa chakudya, limene madokotala amanenera mnofu wofota chifukwa chosagwira ntchito. Lankhanza kuposa onse ndi "enervate". "Nervus" m'Chilatini ndi mtsempha, ndipo poyamba liwuli linkanena za kudula mitsempha, monga ankachitira ndi akavalo kuti asathamangenso. Masiku ano ngakhale eni chiyankhulo ambiri amalisokoneza ndi "energise", n'kumalinena ngati ndi la kupatsa mphamvu, chonsecho ndi la kuzilanda.

Panabuka mkangano. Otsutsa ankati amenewa ndi mawu a m'botolo la inki, osabadwira pakamwa pa munthu. John Cheke, mphunzitsi wa Chigiriki ku Cambridge, amene munthu akanaganiza kuti akhala woyamba kuwakonda, ndiye anali patsogolo kuwakana. Pomasulira uthenga wa Mateyu anayesa kupanga mawu a Chingerezi chenicheni, moti kenturiyo, mkulu wa asilikali 100, anamutcha "hundreder". Sizinagwire. Mu 1604 mphunzitsi wina, Robert Cawdrey, anatulutsa mtanthauziramawu woyamba wa Chingerezi chokhachokha, wa mawu ovuta pafupifupi 2,500, ndipo ananena poyera kuti walembera madona ndi ena osaphunzira kwambiri. Anthu anali atafika pofuna buku kuti amve chiyankhulo chawo chomwe. Komabe akale aja sanafe onse. "Dwinan" linatulukiranso ndi mchira watsopano monga "dwindle", ndipo pomwe limadziwika kuti linalembedwa koyamba ndi m'sewero la William Shakespeare la Henry IV, cha m'ma 1597, m'kamwa mwa Falstaff, chimunthu chonenepa chodandaula kuti chikutha thupi. Baibulo la King James la 1611 linaika "languish" kambirimbiri m'mabuku a aneneri, ponena za dziko louma, minda ndi mipesa yofota, ndipo poti linkawerengedwa m'matchalitchi Lamulungu lililonse, liwu la madona lija linafika m'makutu a olima.

M'zaka za m'ma 1700 kufooka kunasanduka fasho. Mu 1733 dokotala George Cheyne anatulutsa buku lotchedwa The English Malady, lonena kuti matenda a mitsempha, kulefuka ndi kukhumudwa amagwira makamaka anthu opeza bwino, anzeru ndi a mtima wofewa. Ndani akanakana matenda otere? Anthu apamwamba ankakhamukira ku Bath kukamwa ndi kusamba madzi a akasupe otentha, ndipo mtsikana wa pabanja lolemekezeka ankayenera kukhala wotumbuluka, woyankhula motsitsa, wosachedwa kukomoka akamva nkhani yodzidzimutsa. Richard Sheridan anaziseka zimenezi m'sewero lake la 1775, The Rivals, lochitikira ku Bath komweko, momwe mtsikana womwerekera ndi mabuku achikondi anamupatsa dzina loti Lydia Languish. Choipa n'chakuti fashoyi inakuta ngakhale chifuwa chachikulu, chimene ankachitcha "consumption", nthenda yodya munthu. Mlakatuli John Keats anafa nacho ku Roma mu 1821 ali ndi zaka 25, ndipo panali ambiri oona nthendayi ngati chizindikiro cha luso. Koma unyinji wa amene inkawapha anali anthu wamba a m'mafakitale a m'mizinda ngati Manchester, ogona mothithikana m'zipinda zachinyezi, ndipo amenewo panalibe wowanena kuti akuchita "languish". Boma litayamba kulemba imfa zonse mu 1837, makanda ndi okalamba ambirimbiri analembedwa kuti afa ndi "debility" kapena "atrophy", mawu aulemu amene kawirikawiri ankaphimba njala, kutsegula m'mimba, kapena kungoti wolembayo sanadziwe chimene chapha munthu. William Farr, amene ankasanthula ziwerengerozi ku London, anatha zaka zambiri akulimbana ndi mayina osalongosoka oterewa. Robert Koch atapeza kachilombo ka chifuwa chachikulu mu 1882, ulemerero wa nthendayi unayamba kutha.

Nyengo ya makina inasintha kochokera mawu. Kale anthu ankayang'ana mwezi ndi duwa, tsopano anayamba kuyang'ana injini. Sitima yapamtunda ikaperewera nthunzi imaima, choncho munthu kapena chipani chikatha mphamvu amati "run out of steam". Okumba migodi ku America m'zaka za m'ma 1800 ankati "peter out" mzere wa golide ukamanka uchepa mpaka kuthera m'thanthwe. Kusinthanaku kunapitanso mbali inayo. "Fatigue", liwu lachifalansa la kutopa kwa munthu, linaperekedwa kwa chitsulo, mainjiniya ataona kuti chitsulo cholumikiza mawilo a sitima chimatha kuthyoka mwadzidzidzi chitagwira ntchito nthawi yaitali popanda chizindikiro chilichonse, monga zinachitikira pangozi ya pafupi ndi Versailles mu 1842. Mu 1954 ndege ziwiri za Comet, jeti yoyamba yonyamula anthu, zinasweka zili m'mwamba pafupi ndi Italy. Ofufuza a ku Farnborough anamiza thupi la ndege ina m'chithanki chamadzi, n'kumalipopa ndi kuliphwetsa mobwerezabwereza ngati likukwera ndi kutera, mpaka linang'ambika kuyambira pakona ya kachitseko kena. Chitsulo chinali chitatopa.

Madokotala nawo sanasiye kupeka mayina. Mu 1869 George Beard wa ku New York anatchukitsa "neurasthenia", kutha mphamvu kwa mitsempha, ndipo anadzanena kuti kumabwera chifukwa cha moyo wothamanga wa makina a nthunzi, matelegalamu, nyuzipepala, ngakhalenso kuphunzira kwa akazi. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse msilikali wosokonezeka mutu ndi mabomba ankamulemba kuti ali ndi "battle fatigue". Mu 1974 Herbert Freudenberger, katswiri wa zamaganizo amene ankathandiza pa chipatala china chaulere ku New York, anaona anzake odzipereka akuyamba ntchito ndi moto n'kudzatheratu pakatha chaka, ndipo mkhalidwewu anautcha "burnout", kupsa mpaka kuzima. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linaulongosola m'ndandanda wake, osati monga matenda koma monga vuto lochokera kuntchito.

Chingerezi chitafalikira ndi ulamuliro wa Britain, anthu ena anayamba kupatsa mawu ake ntchito zawozawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anthu a m'boma la Rakai ku Uganda anaona achinyamata akuwonda ndi kufa, ndipo nthendayo anaitcha "slim", liwu limene ku London ndi lotamandira thupi. Madokotala analilemba momwemo mu 1985 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Kuno tinkati kaliwondewonde.

"Languish" masiku ano silinenanso kwambiri za chikondi. Wolinena motero amamveka ngati akuchita sewero. Tanthauzo la wandende ndi lomwe lakhala. M'nyuzipepala zachingerezi za ku Blantyre, Lusaka kapena Harare mudzalipeza pa munthu amene wakhala pa rimandi zaka mlandu wake osazengedwa, pa bilu imene yagona ku nyumba ya malamulo, pa timu imene yakhazikika kumchira kwa ligi. Kawirikawiri pamakhala zinthu ziwiri: nthawi yaitali, ndi winawake amene akanatha kuchitapo kanthu koma wangokhala. Apo ndi pomwe limasiyana ndi anzake. "Wane" ndi la kutchuka kapena ulamuliro umene ukutsika wokha, "dwindle" ndi la zinthu zoona ndi maso zikuchepa, monga ndalama kapena chimanga, pamene "weaken" limalowa paliponse, kuyambira pa bondo mpaka pa kwacha.

Akatswiri a zamaganizo ndiwo apatsa "languish" ntchito yaposachedwa. Mu 2002 Corey Keyes wa pa yunivesite ya Emory ku Atlanta anafalitsa kafukufuku wa akuluakulu oposa 3,000 a ku America, wosonyeza kuti kusadwala maganizo sikutanthauza kuti munthu ali bwino. Pafupifupi 12 mwa anthu 100 aliwonse analibe matenda a kukhumudwa, komabe analibenso chimwemwe, cholinga kapena chidwi ndi kanthu, ankangokhalapo basi. Mkhalidwewu anautcha "languishing". Wa anthu pafupifupi 17 mwa 100 amene zinkawayendera mumtima ndi pakati pa anzawo anautcha "flourishing", liwu la kuphuka kwa maluwa limene linadzeranso m'Chifalansa chomwe chija. Kwa zaka pafupifupi 20 zimenezi zinali za m'mabuku a akatswiri okhaokha. Mu April 2021, mliri wa Covid-19 utasokoneza moyo wa anthu chaka chathunthu, katswiri wina wa zamaganizo, Adam Grant, analemba nkhani mu The New York Times yonena kuti mphwayi yosadziwika bwino imene ambiri ankaimva, ya kudzuka mochedwa ndi kulephera kuika mtima pa ntchito, dzina lake ndi limeneli. Inakhala nkhani yowerengedwa kuposa ina iliyonse m'nyuzipepalayo chaka chimenecho, ndipo mu 2024 Keyes mwiniwake anatulutsa buku lathunthu la mutu womwewo.